Mafunso a Owerenga: Kodi Mindandanda ya Mayunivesite Imayeza Chiyani pa Kafukufuku wa Bizinesi?

Makalata amene tasankha mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya mindandanda imene imasanja mayunivesite potengera mphamvu ya kafukufuku wawo pa maphunziro a bizinesi ndi kayendetsedwe ka makampani. Ena tawafupikitsa kuti malo atikwanire.

Funso: A Mkonzi, ndikukonzekera kukachita digiri yachiwiri ya bizinesi. Ndayang'ana mindandanda ingapo pa intaneti, koma yunivesite imene ili pamwamba pa mndandanda wina ndikuipeza kumunsi pa unzake, chonsecho yonse ikunena kuti ikuyeza kafukufuku. Kodi ndikhulupirire uti? Ndine wophunzira wa chaka chomaliza.

Yankho: Palibe mndandanda umene ukukunamizani, koma uliwonse ukuwerengera zakezake, ndipo munthu sangaugwiritse ntchito bwino asanadziwe chimene eni ake anasankha kuwerengera ndi chimene anachisiya.

Tiyambe ndi wa University of Texas at Dallas, umene aphunzitsi a masukulu a bizinesi amaudziwa kwambiri. Sukulu ya bizinesi ya yunivesiteyi inasankha magazini a kafukufuku 24, monga Journal of Finance, Management Science ndi Academy of Management Journal, ndipo imasunga kaundula wa nkhani zotuluka m'magaziniwa kuyambira 1990. Nkhani iliyonse imakhala ndi pointi imodzi imene imagawidwa kwa olemba ake. Ikalembedwa ndi anthu atatu, awiri a yunivesite imodzi ndipo wachitatu wa yunivesite ina, yoyambayo imatenga magawo awiri mwa atatu a pointiyo, inayo n'kutenga gawo limodzi lotsala. Amaphatikiza mapointi a zaka 5, kenaka amatulutsa masukulu 100 otsogola. Pano safunsa ngati nkhaniyo inawerengedwa ndi wina aliyense itatuluka, komanso saganizira kukula kwa sukulu, moti sukulu ya aphunzitsi 200 imayamba mpikisano ili kale patsogolo pa ya aphunzitsi 40, ngakhale ochepawo atakhala akhama chotani. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene masukulu akuluakulu a ku America, monga Wharton ya University of Pennsylvania, amapezekera pamwamba chaka ndi chaka.

Nyuzipepala ya Financial Times, imene yakhala ikusanja maphunziro a MBA, digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, kuyambira 1999, ili ndi mndandanda wake wa magazini, umene unakulitsidwa mu 2016 kuchoka pa 45 kufika pa 50. Iwowa amaganizirako chiwerengero cha aphunzitsi a sukulu iliyonse, koma kafukufuku amangotenga 10 peresenti ya malikisi onse, pamene gawo lalikulu limachokera ku malipiro amene omaliza maphunziro akulandira patatha zaka 3 ndi momwe malipirowo akwerera. A QS, kampani yosanja mayunivesite, posanja maphunziro a bizinesi, amadalira kwambiri maganizo a anthu: amafunsa aphunzitsi a mayunivesite ndi olemba anthu ntchito kuti atchule masukulu amene amawalemekeza, ndipo ziwerengero za kafukufuku zochokera mu Scopus, kaundula wa nkhani za ofufuza, zimangowonjezera pamwamba. Mndandanda wa Shanghai, umene unayamba mu 2003 ndipo unayamba kusanja maphunziro paokhapaokha mu 2009, umatenga ziwerengero zake mu kaundula wina, wa Web of Science, ndipo umalekanitsa za bizinesi, za utsogoleri wa makampani ndi za ndalama.

Mukaona choncho, sizodabwitsa kuti sukulu imodzi ikhale pa malo osiyana kwambiri. Kwa inu, funso lofunika n'lakuti digiri imene mukufunayo ndi yotani. Ngati cholinga chanu n'kudzafika pa PhD ndi kukhala wofufuza, mndandanda wa Dallas ukuthandizani kudziwa kumene kuli aphunzitsi amene amafalitsa nkhani m'magazini otchuka, ndipo kaundula wawo amalola kuti mufufuze magazini a phunziro lanu lokha, kaya ndi kutsatsa malonda kapena kuwerengera ndalama. Ngati mukufuna digiri yoti mukagwirire ntchito m'kampani, nambala ya kafukufukuyo ikuuzani zochepa kwambiri. Musanayang'ane malo amene sukulu ili, werengani kaye tsamba limene eni mndandanda amafotokozapo njira yawo yowerengera. Nthawi zambiri limabisala kumunsi, koma m'menemo ndi mmene muli nkhani yonse.

Funso: Ndangoyamba kumene ntchito yophunzitsa pa yunivesite, ndipo akuluakulu atiuza kuti kukwezedwa pantchito kuzitengera impact factor ya magazini amene tikulembamo ndi h-index yathu. Tatifotokozerani bwino manambala amenewa, ndipo mutiuze ngati ndi muyezo wachilungamo. Ndine mphunzitsi watsopano.

Yankho: Aphunzitsi, manambala onse awiriwa amachokera ku chinthu chimodzi, chomwe ndi kutchulidwa. Wofufuza akalemba nkhani, amatchula nkhani za anzake zimene wadalira, ndipo kutchulidwa kulikonse kumalembedwa m'kaundula. Amene anayambitsa kuwerengera kumeneku ndi Eugene Garfield, mwini wa Science Citation Index imene inatuluka mu 1964, ndipo cholinga chake poyamba chinali kuthandiza ofufuza kupeza nkhani zogwirizana ndi ntchito yawo, komanso kuthandiza oyang'anira malaibulale kusankha magazini ogula.

Impact factor ndi nambala ya magazini, osati ya munthu. Ya chaka cha 2024 imapezeka potenga kutchulidwa konse kumene nkhani za magaziniyo za 2022 ndi 2023 zinalandira mu 2024, n'kugawa ndi chiwerengero cha nkhanizo. Tiyerekeze kuti magazini anatulutsa nkhani 100 m'zaka ziwirizo ndipo zatchulidwa ka 500: nambala yake ndi 5. Koma kutchulidwa sikugawika mofanana. Kawirikawiri nkhani zochepa ndi zimene zimatenga gawo lalikulu, pamene zambiri zimatchulidwa pang'ono kapena osatchulidwa n'komwe, choncho kunena kuti nkhani yanu ndi yabwino chifukwa yatuluka m'magazini a nambala 5 n'kuipatsa ulemu wa nkhani za anthu ena. Pa maphunziro a bizinesi palinso vuto la nthawi. Nkhani imatha chaka, mwina zaka zingapo, ikubwezedwabwezedwa pakati pa mlembi ndi akatswiri oiunika isanavomerezedwe, ndiye kuti amene awerenga nkhani yanu lero n'kuigwiritsa ntchito, yawo ingadzatuluke zaka ziwiri zowerengera zija zitadutsa kale.

H-index anaiyambitsa Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi, mu 2005. Munthu amakhala ndi h-index ya 10 ngati ali ndi nkhani 10 zimene iliyonse yatchulidwa kosachepera ka 10. Ubwino wake ndi wakuti nkhani imodzi yotchuka siingakweze munthu payokha. Kuipa kwake, makamaka kwa inu amene mwangoyamba, n'kwakuti nambalayi imakula ndi zaka ndipo siitsika, moti imakondera akuluakulu amene akhalitsa pantchito. Imasinthanso malinga ndi kumene mwaitenga, pakuti Google Scholar imawerengera mabuku, malipoti ndi zolemba za ophunzira zambiri zimene Scopus ndi Web of Science amazisiya, ndipo munthu mmodzi amapezeka ndi manambala atatu osiyana.

Pofuna kukonza zina mwa zofookazi, akatswiri amayerekeza nkhani iliyonse ndi zinzake za phunziro lomwelo ndi chaka chomwecho, chifukwa ofufuza a maphunziro ena amatchulana kwambiri kuposa a maphunziro ena. Pa muyezo wa Scopus wotere, nambala ya 1.0 imatanthauza kuti nkhani yatchulidwa monga momwe zinzake zimatchulidwira pa dziko lonse. Mndandanda wa Leiden, wopangidwa ku Netherlands, umayang'ana kuchuluka kwa nkhani za yunivesite zimene zili m'gulu la 10 peresenti ya zotchulidwa kwambiri. Masukulu ambiri a bizinesi amagwiritsanso ntchito mindandanda ya magazini yokonzedwa ndi makomiti a aphunzitsi, monga wa Chartered Association of Business Schools ku Britain umene umasanja magazini kuyambira pa 1 mpaka pa 4*, ndi wa akuluakulu a masukulu a bizinesi ku Australia umene umayambira pa C mpaka pa A*.

Pa funso lanu la chilungamo, maganizo athu ndi akuti manambalawa amathandiza poyerekeza magulu akuluakulu a nkhani, koma amalephera poweruza munthu mmodzi. Si ife tokha amene tikutero. Chikalata cha DORA, chimene chinakonzedwa ku San Francisco mu 2012, chimapempha mayunivesite kuti asagwiritse ntchito impact factor polemba kapena kukweza munthu pantchito, ndipo Leiden Manifesto ya 2015 imati ziwerengero zizithandiza akatswiri oweruza, zisamawalowe m'malo. Mungachite bwino kukapereka zikalata ziwirizi mwaulemu ku komiti yanu, n'kupempha kuti oweruza aziwerenga nkhani zanu ziwiri kapena zitatu zimene mwasankha nokha.

Funso: Mwana wanga wapeza malo ku mayunivesite awiri kuti akachite digiri yoyamba ya bizinesi. Ina ili pamwamba kwambiri pa kafukufuku, inayo siipezeka n'komwe pa mndandanda. Kodi ndiye kuti ku yoyambayo akaphunzitsidwa bwino koposa? Ndine mayi wodera nkhawa.

Yankho: Mayi, mndandanda wa kafukufuku sungakuyankheni funso limeneli, chifukwa sulowa m'kalasi. Mu 1996 John Hattie ndi Herbert Marsh anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana 58 pa nkhani yomweyi, ndipo anapeza kuti kugwirizana kwa luso la mphunzitsi pofufuza ndi luso lake pophunzitsa n'kochepa kwambiri, pafupifupi kulibe. Izi sizikutanthauza kuti ofufuza saphunzitsa bwino, koma kuti kudziwa chimodzi sikukuuzani za chinzake. Komanso ku masukulu amene amalimbikira kafukufuku, mapulofesa otchuka amapatsidwa makalasi ochepa, ndipo wophunzira wa chaka choyamba angathe kumaliza chaka asanakumane nawo.

Dzina la yunivesite yotchuka lili ndi phindu lake pofuna ntchito, ndipo sitingakubisireni zimenezo. Koma musanasankhe, funsani kuti amaphunzitsa chaka choyamba ndi chachiwiri ndani, m'kalasi mumakhala ophunzira angati, ophunzira amapita kukaphunzira ntchito m'makampani kapena ayi, ndiponso omaliza maphunziro amapeza ntchito zotani. Fufuzaninso ngati sukuluyo inavomerezedwa ndi bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko limene ili. Mabungwe monga AACSB, EQUIS ndi AMBA amatumiza anthu kukayendera sukulu ndi kuona kaphunzitsidwe, ndipo chivomerezo chawo chili pafupi ndi nkhawa yanu kuposa nambala ya kafukufuku.

Funso: Ndakhala ndikuyendetsa kampani kwa zaka zambiri, koma sindinawerengepo nkhani ngakhale imodzi ya m'magazini amene mumatchulawa, ndipo anzanga a bizinesi nawonso sawawerenga. Nanga mphamvu ya kafukufuku imene ikunenedwayi imagwera ndani? Ndine mkulu wa kampani.

Yankho: Bwana, funso lanu ndi limene lavutitsa masukulu a bizinesi kwa zaka zambiri, ndipo yankho lake likuyambira mu 1959. Chaka chimenecho ku America kunatuluka malipoti awiri, lina lolipiridwa ndi Ford Foundation, lolembedwa ndi Robert Gordon ndi James Howell, ndipo lina lolipiridwa ndi Carnegie Corporation, lolembedwa ndi Frank Pierson. Onse awiri anadzudzula masukulu a bizinesi kuti amangophunzitsa ntchito zamanja za muofesi popanda maziko a sayansi. Masukuluwo anamvera, anayamba kulemba ntchito akatswiri a zachuma, masamu ndi maganizo a anthu, ndipo pang'onopang'ono mphunzitsi anayamba kuweruzidwa potengera zimene walemba m'magazini a akatswiri anzake. Patatha zaka zoposa 40, anthu a m'kati momwemo anayamba kudandaula kuti zinthu zapitirira muyezo. Jeffrey Pfeffer ndi Christina Fong mu 2002, kenaka Warren Bennis ndi James O'Toole mu 2005, analemba kuti kafukufuku wochuluka wa masukuluwa sakhudza ntchito ya oyendetsa makampani. Mindandanda imene tikukambiranayi ndi mwana wa kusintha kwa 1959 kuja, ndipo chimene imayeza kwenikweni ndi momwe ofufuza amawerengerana okhaokha.

Komabe tisathamangire kunena kuti kafukufukuyo ndi wopanda ntchito chifukwa chakuti inu simumuwerenga. Harry Markowitz analemba mu Journal of Finance mu 1952 za momwe munthu angagawire ndalama zake m'masheya osiyanasiyana kuti achepetse chiopsezo, ndipo panapita zaka zambiri maganizowa asanafike m'maofesi a osunga ndalama za anthu. Mphoto ya Nobel anailandira mu 1990. Lero oyang'anira thumba la penshoni amatsatira mfundo zimenezi ngakhale ambiri a iwo sanaionepo nkhani yoyambayo. Njira ya Fischer Black ndi Myron Scholes yowerengera mtengo wa mapangano ogula kapena kugulitsa masheya mtsogolo inatuluka mu 1973, chaka chimene msika wa mapangano otere unatsegulidwa ku Chicago, ndipo iyi sinachedwe kulowa m'manja mwa ochita malondawo. Kafukufuku amafika kwa inu kudzera mwa achinyamata amene mumawalemba ntchito, alangizi a makampani, mapulogalamu a kompyuta ndi malamulo a boma. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Vuto ndi lakuti palibe njira imodzi mwa izi imene imasiya chizindikiro m'kaundula wa kutchulidwa, moti nkhani imene yasintha kagwiridwe ka ntchito m'makampani ambiri ingathe kuoneka yofanana ndi imene yangosangalatsa ofufuza.

Pali chitsanzo chimene chimatikhudza kwambiri. Michael Porter analemba za mphamvu zisanu zimene zimalamulira mpikisano wa malonda mu 1979, ndipo Robert Kaplan ndi David Norton analemba za njira yoyezera kayendedwe ka kampani m'mbali zinayi mu 1992. Nkhani zonse ziwirizi zinatuluka mu Harvard Business Review, ndipo n'zina mwa zimene akuluakulu a makampani amazidziwa kwambiri, koma magazini amenewa sali m'gulu la 24 la ku Dallas, choncho nkhani yotuluka m'menemo siipatsa sukulu pointi iliyonse pa mndandanda umenewo.

Dziko limene layesetsa kuyeza chimene inu mukufunsachi ndi Britain. Pa kauniuni wa kafukufuku wa mayunivesite wotchedwa REF, amene boma limatengera pogawa ndalama, dipatimenti iliyonse imalemba nkhani zosonyeza momwe kafukufuku wake anasinthira kampani, lamulo kapena moyo wa anthu, ndi umboni wake, ndipo komiti imene mumakhalanso anthu ochokera kunja kwa mayunivesite imaweruza. Gawo limeneli linatenga 20 peresenti ya malikisi mu 2014, n'kukwera kufika pa 25 peresenti mu 2021. Ntchitoyi ndi yodula, pakuti kauniuni wa 2014 anayerekezedwa kuti anadya mapaundi 246 miliyoni, ndipo imafuna anthu owerenga ndi kuweruza, osati makina ophatikiza manambala. N'chifukwa chake opanga mindandanda ya dziko lonse lapansi saitsatira. Ife timaona kuti njirayi, ngakhale ili ndi zofooka zake, ikufunsa funso loyenera, ndipo bungwe la AACSB nalo linaika phindu la sukulu kwa anthu m'malamulo ake a 2020.

Funso: Ndili m'khonsolo ya yunivesite imene siipezeka pa mindandanda imeneyi. Ena mwa anzanga akufuna tiike ndalama zambiri kuti tilowemo, ena akuti mindandandayi ndi yachinyengo. Kodi zoona zake n'zotani? Ndine membala wa khonsolo.

Yankho: Kunena kuti mindandanda yonse ndi yachinyengo n'kukokomeza, koma n'zoona kuti manambala ake amatheka kuwaseweretsa. Mu 2012 Allen Wilhite ndi Eric Fong anafalitsa m'magazini a Science zotsatira za kafukufuku wawo, zosonyeza kuti pafupifupi wofufuza mmodzi mwa asanu alionse amene anayankha mafunso awo anakakamizidwapo ndi akonzi a magazini kuti atchule nkhani za magazini omwewo popanda chifukwa chomveka, ndipo khalidweli linali lofala kwambiri m'magazini a bizinesi. Kampani ya Clarivate, imene imatulutsa impact factor, chaka ndi chaka imachotsa magazini ena pa mndandanda wake chifukwa chodzitchula okha mopitirira muyezo kapena kupangana ndi anzawo kuti azitchulana. Kwamvekanso za mayunivesite olipira ofufuza otchuka kuti alembe dzina la yunivesiteyo pa nkhani zawo pamene sagwirako ntchito kwenikweni. Utrecht University ya ku Netherlands, imene inkachita bwino ndithu, inasiya kupereka ziwerengero zake kwa a Times Higher Education, amene nawonso amasanja mayunivesite, mu 2023, ponena kuti ntchito ya yunivesite siingaunjikidwe mu nambala imodzi.

Kusapezeka kwa yunivesite yanu kuli ndi zifukwa zimene ndalama zokha sizingathetse msanga. Pafupifupi magazini onse owerengeredwa ndi a Chingerezi, akonzi ake ambiri ali ku America ndi ku Ulaya, ndipo kafukufuku wambiri wa zandalama amadalira makaundula odula a makampani ogulitsa masheya ku America. Wofufuza amene akuphunzira mabizinesi ang'onoang'ono osalembetsedwa, mabizinesi a mabanja kapena makopaletivi a alimi, amene ndiwo amalemba ntchito anthu ochuluka m'mayiko ambiri, amauzidwa kawirikawiri kuti zimene wapeza n'za dera limodzi lokha. Onaninso chitsanzo ichi: kafukufuku wodziwika wa momwe M-Pesa, njira yotumizirana ndalama pa foni, inathandizira mabanja ku Kenya, wa Tavneet Suri wa sukulu ya bizinesi ya MIT ndi William Jack wa Georgetown University, anatuluka mu Science mu 2016. Ulemu wake unapita ku mayunivesite a ku America ngakhale nkhaniyo ndi ya ku Kenya, ndipo popeza Science sili m'gulu la magazini 24 aja, pa mndandanda wa Dallas sinawerengedwe n'komwe.

Malangizo athu ku khonsolo yanu ndi akuti musaike ndalama pothamangitsa malo pa mndandanda umene unapangidwira masukulu a mtundu wina. Ziikeni pa zimene zimabala kafukufuku wabwino: kuchepetsera aphunzitsi ofufuza makalasi, kulipira makaundula ndi magazini a pa intaneti, kutumiza aphunzitsi achinyamata ku PhD, ndi kugwirizana ndi makampani ndi maofesi a boma amene angapereke ziwerengero zawo kuti zifufuzidwe. Ziwerengero za kutchulidwa muzizigwiritsa ntchito poyerekeza yunivesite yanu ndi ina yofanana nayo pa kukula ndi pa ndalama, komanso poona ngati mukupita patsogolo pa zaka 5 zilizonse. Pambali pa izo, pemphani dipatimenti ya bizinesi kuti chaka chilichonse izibweretsa ku khonsolo nkhani ziwiri kapena zitatu zosonyeza kampani, kopaletivi kapena ofesi ya boma imene yasintha kagwiridwe kake ka ntchito chifukwa cha kafukufuku wa aphunzitsi anu, limodzi ndi kalata ya eni ake yotsimikizira.